Nkhunda Zanga ndi Mpweya Wako

Kawale, Lilongwe

Ndaziona mwana wanga,

Lero ndatseka shedi ku Biwi dzuwa likadali paliwombo. Geti la anthu ndalisiya losamaliza kuwotcherera kuti ndidzakhale pakhonde pano ndikulembere. Iwe wapita kukatsanzikana ndi anzako a bandi, ndipo amayi ako ali m'nyumbamu akusitanso zovala zimene anasita kale dzulo. Mawa ukamakwera basi ya ku Zomba sindidzatha kuyankhula, umandidziwa. Pakamwa panga pamangotuluka "uyende bwino" basi. Choncho zimene zimandikanika pakamwa ndaziika papepala. Usawerengere pa depoti. Ukawerenge ukafika kukoleji, utakhala pansi.

Ndiyambe ndi kudzitama, chifukwa lero palibe angandiletse. Mwana amene anthu a mumzere wathu uno ankanong'onezana kuti sadzafika sitandade faifi, mwana amene ankalephera kuzimitsa kandulo ndi mpweya wake, mawa akupita kusukulu ya ukachenjede kukaphunzira nyimbo. Ndipo chida chake ndi lipenga. Lipenga, Ndazi! Chida chofuna mapapo! Makasitomala anga onse ndawauza, ngakhale amene sanandifunse.

Koma usaganize kuti wafika pamenepa chifukwa bambo ako anali anzeru. Wafika ngakhale kuti bambo ako anali ouma mutu. Ndikufotokozera zolakwa zanga chimodzichimodzi kuti usakazibwereze pathupi pako uko kumene ife kulibe.

Cholakwa choyamba chinali sopo. Unali ndi miyezi yochepa pamene masaya ako anayamba kuuma, kutuwa, kenako kusweka. Utayamba kukwawa zinasamukira mkati mwa zigongono ndi kuseri kwa mawondo. Unkadzikanda mpaka magazi, ndipo amayi ako ankakuveka masokosi m'manja. Ine ndinagamula ndekha kuti ndi mphere, ndipo mphere ndi uve. Ndinawauza amayi ako mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi: "Mwanayu simukumusambitsa bwino." Ndinagula sopo wa mankhwala wonunkhiza nyumba yonse, ndikutenthetsa madzi kwambiri, n'kumakukhula ndi chinkhupule iwe ukulira. Amayi ako anati, "Bambo ake a Ndazi, mwanayu akatuluka m'madzimu khungu likumachita kung'ambika." Ine ndinayankha kuti ndi litsiro limene likutuluka. Tsiku limene tinakafika nawe kuchipatala chachikulu, adokotala ena aakazi, aafupi, osakonda kuseka, anakuyang'ana mikono n'kunena kuti, "Izi si mphere. Ichi ndi chikanga. Sichipatsirana, ndipo si uve. Khungu la mwanayu lili ngati khoma losapaka pulasitala: chinyezi chimathawa, fumbi limalowa. Inu ndi sopo wanuyo mwakhala mukugumula khomalo." Amayi ako sanandiyang'ane n'komwe, ndipo kusandiyang'anako kunandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndiye imva, mwana wanga. Kuhositelo anzako adzakhala ndi sopo onunkhira ngati maluwa, adzakubwereka mwachikondi. Ukane mwaulemu. Madzi ofunda pang'ono, sopo wako yemweyo wosanunkhira, ndipo udzole mafuta thupi lisanaumiretu. Ngakhale utachedwa kukalasi, udzole.

Cholakwa chachiwiri ndinalakwira munthu wosalakwa. Ukuwadziwa aNachisale, oyandikana nawo athu ophika mandasi aja, amene umawatcha azakhali. Sukudziwa kuti ndinakhala chaka chathunthu osawapatsa moni. Uli ndi zaka zinayi ankakonda kukutenga amayi ako akapita kumsika. Ndinayamba kuona kuti ukachokera kwawo maso ankakhala ofiira, otupa, mphuno ikuchucha, ukuyetsemula mosalekeza, ndipo khungu linkayabwa kuposa masiku onse. Achibale ena atabwera kuchokera kumudzi ku Ntchisi anangoti, "Mayi wamasiyeyu mukumudziwa bwino?" Basi mbewu yowaganizira zaufiti inamera mumtima mwanga. Tsiku lina pampopi, anthu ali pamzere ndi zidebe, ndinayankhula mokweza kuti pali anthu ena amene amasekerera ana a eni masana koma ntchito zawo amazidziwa okha. ANachisale ananyamula chidebe chawo chosadzaza n'kumapita. Choonadi ndinachipeza patapita nthawi, nditalowa m'khitchini mwawo kukabwereka khasu amayi ako atandikakamiza. Mandasi ankaphikira pambaula ya utuchi, m'kachipinda kopanda zenera, utsi uli tolo. Ine wamkulu misozi inatuluka, ndiye kuli bwanji iwe amene unkakhala kumsana kwawo m'menemo? Ndinavula chipewa n'kupepesa. ANachisale anandiyankha kuti, "Mwana ndimubereke kumsana kwanga, ndimupukute mamina ndi chitenje changa, kenako ndimulodze? Abambo, munandipha ndikuyenda." Koma mawa lake anatulutsa mbaula ija panja, kumbali yoti mphepo izikankhira utsi kutali ndi nyumba yathu, ndipo mpaka lero amaphikira pomwepo ngakhale mvula ikamawaza. Ndazi, thupi likakuvuta usayambe kufunsa kuti akundida ndani. Uyambe kufunsa kuti ndapuma chiyani, ndinali kuti, munali chiyani mumpweya. Yankho lake nthawi zambiri limakhala utsi, fumbi, mungu wa udzu, kapena nkhungu pakhoma. Si munthu.

Cholakwa chachitatu ndicho chachikulu. Unkadziwa kuti kale ndinali ndi nkhunda, koma sunamve nkhani yonse. Pamene ndinkachoka ku Ntchisi kubwera m'tauni muno, agogo ako aamuna analibe choti andipatse, ndiye anandipatsa nkhunda zinayi m'kadengu. Zinaswana mpaka khola linadzaza. Iwo atamwalira, nkhundazo zinasanduka ngati mawu awo otsala. Ndikaweruka ndinkakhala pansi pa khola n'kumamvera zikulira, kutopa konse kunkatha. Kholalo linali kuseri kwa nyumba, moyang'anizana ndi zenera la chipinda chako.

Uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi unayamba kutsokomola kosatha, pachifuwa pakulira ngati kamluzu. Adokotala aja anatiuza kuti ana a chikanga nthawi zambiri amadzakhalanso ndi chimfine cha ziwengo ndi mphumu, kuti ndi matenda apachibale, amayenda motsatizana. Kenako anafunsa kuti, "Kunyumba kuli ziweto?" Amayi ako anatembenukira kwa ine. Ndinayankha msangamsanga kuti, "Galu tilibe, mphaka tilibe, nkhuku tilibe." Zonse zinali zoona, koma ndinanama. Pobwerera mu minibasi amayi ako anandinong'oneza kuti, "Mwanamiza adokotala." Ine ndinati, "Afunsa ziweto. Nkhunda ndi mbalame." Anangokokera iwe pafupi n'kuyang'ana pazenera.

Linali Loweruka la mwezi wa Ogasiti, mphepo ija yonyamula fumbi ndi mapepala ikuwomba. Ndinkasesa m'khola, ndipo iwe, pofuna kusangalatsa bambo ako, unandigwirira thumba loikamo zitosi. Fumbi la zitosi zouma ndi tinthenga linkakwera molunjika kumaso kwako. Unayetsemula, ine n'kuseka. Kenako unasiya thumba n'kukhala pansi, manja utatsamiza pamawondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Unati, "Ababa, mpweya..." Mawu otsatira sanatuluke. Pakhosi pako apa pankalowa mkati ukamakoka mpweya, milomo inayamba kutuwa. Amayi ako anali kumsika. Ndinakuponya kumsana n'kuthamangira kumsewu wopanda nsapato. Minibasi yoyamba inali yodzaza, koma kondakitala atakuona anatsika yekha n'kundikankhira pampando wake, akukuwa kuti, "Adalaivala, mwanayu wabanika, musaime paliponse!" Palibe wokwera amene anadandaula. Mayi wina ankakupiza ndi chitenje njira yonse akupemphera.

Kuchipatala anakuveka chophimba mphuno ndi pakamwa chotulutsa nthunzi ya mankhwala. Ndinaima pakhomo ndi mapazi afumbi, nthenga zili m'tsitsi mwanga. Adokotala omwe aja anatulukira, anandiyang'ana kumutu, anachotsa kanthenga kamodzi paphewa panga n'kukaika m'dzanja langa. Anati, "Abambo, ndikufunseninso. Kunyumba kuli chiyani?" Ndinati, "Kuli nkhunda, adokotala." Anangogwedeza mutu n'kubwerera kwa iwe.

Usanatuluke m'chipatala ndinapereka nkhunda zonse kwa mnzanga wa ku Area 23, ndinagwetsa khola, matabwa ndinakawotchera kudambo, khoma ndi pansi ndinatsuka ndi madzi ambiri. Koma nkhunda siiwala kwawo. Patapita masiku atatu zina zinabwerera, zinatera padenga n'kumayang'ana pamene panali khola. Ndinazigenda, Ndazi. Nkhunda za bambo anga ndinazigenda ndi miyala misozi ikutsika, mpaka ndinazikola n'kukazisiya kumudzi kwa amalume ako. Sindikunena kuti unachiriratu tsiku limenelo ayi, mphumu ulipobe ndipo ukudziwa. Koma kubanika kunachepa kwambiri, unayamba kunenepa, ndipo chaka chimenecho unamaliza temu yonse osajomba. Tsiku limene unathamanga kuchokera pagolosale mpaka pakhomo n'kufika ukuseka, osati ukutsokomola, ndinadziwa kuti ndinasinthanitsa bwino. Apa pali malangizo awiri, uwagwire onse. Adokotala usamawabisire kanthu, ngakhale chochititsa manyazi, ngakhale chimene umachikonda. Ndipo chimene chikukutsekera mpweya uchisiye, kaya ndi pefyumu wodula, kaya ndi malo amene anzako onse amakonda kucheza, kaya ndi mnyamata wokongola wosuta fodya. Zimapweteka, ine ndikudziwa kupweteka kwake. Koma munthu amalira n'kutonthola. Wopanda mpweya salira n'komwe.

Cholakwa chachinayi chinali kumvera madokotala a pamsika. Kuchipatala anatipatsa zopopera ziwiri: china cha tsiku ndi tsiku choteteza, china chothandiza ukabanika. Anzanga ku shedi anandiuza kuti mwana akazolowera zopopera sadzathanso kupuma payekha. Utakhala bwino miyezi ingapo ndinati, "Wachira uyu, cha tsiku ndi tsikuchi chisungidwe." Kuzizira kwa Juni kutafika, anthu akuotcha zinyalala m'makwalala monse, unabanikanso sabata ya mayeso. Adokotala anandifunsa kuti, "Denga mumafolera mvula ikugwa kapena kukadali chilimwe?" Tsiku lomwelo ndinakuyambitsanso chopoperacho. Ndipo ngati kuti sindinaphunzire, uli fomu wani, atsikana akukuseka mikono, ndinakugulira kirimu pamsika kwa munthu amene anandilumbirira kuti amachotsa chilichonse. Masabata awiri khungu linasalala ngati la khanda, ndinayenda modzikweza. Kenako linayamba kupyapyala, kuyera mawangamawanga, ndipo titasiya, chikanga chinabwerera mokwiya kuposa kale. Zipsera zina zimene uli nazo pamkono wamanzere ndi zanga, si za matenda. Choncho, mwana wanga, chopopera cha tsiku ndi tsiku usasiye chifukwa ukumva bwino. Ukumva bwino chifukwa cha icho. Chothandiza ukabanika chizikhala m'thumba la chovala chimene wavala, osati m'sutikesi, osati pansi pa pilo. Ndipo mankhwala opaka amene sanalembe adokotala asakhudze khungu lako, ngakhale wokupatsayo akhale mnzako wapamtima.

Cholakwa chachisanu chinabwera chifukwa cha mantha, ndipo ndicho chimene iwe unandigonjetsa nacho. Nditaona zonsezi ndinasanduka mlonda wa ndende. Netibo ayi, kuvina ayi, ulendo wa sukulu ayi. Ndinkakugulira mabulauzi a manja aatali okhaokha, ndikumati ndikukuteteza ku dzuwa, koma zoona zake sindinkafuna kuti anthu azifunsa. Uli fomu thu unabwera kudzagwada pamene ndakhala pano n'kunena kuti, "Ababa, a Chimbalanga, aphunzitsi a bandi ya kutchalitchi, akuti pali lipenga lopanda mwini. Ndikufuna ndiphunzire." Ndinakuyankha kuti, "Ndi mapapo ake ati? Ako ndi a pepala." Unadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Sindinkadziwa kuti amayi ako anakutenga n'kukafunsa adokotala, ndipo adokotala anati palibe choletsa bola uzimwa mankhwala mwadongosolo ndi kutsuka lipengalo kawirikawiri kuti mkati musamere nkhungu. Chaka chathunthu "kwaya" imene unkapita Lachitatu ndi Loweruka inali bandi, ndipo nyumba yonse inkadziwa kupatula ine.

Ndinazindikira pa Lamulungu la kanjedza. Ndinachedwa kupita kutchalitchi, ndiye ndinakumana ndi mdipiti wa anthu pamsewu waukulu wa Kawale, bandi ili patsogolo. Ndinaima pambali kuti adutse. Ng'oma zinalira, malipenga onse analowa, kenako onse anatsika n'kusiya lipenga limodzi likukwera lokha, liwu loyera, lalitali, losanjenjemera. Ndinati mumtima, mnyamata ameneyo ali ndi chifuwa champhamvu. Nditasuzumira ndinaona mtsikana wa malaya oyera a manja aafupi, zigongono zili m'mwamba, zipsera zonse zili poyera padzuwa, masaya atafufuma. Ndinayamba kuwerenga mumtima kuti utsokomola liti. Sunatsokomole. Unaligwira liwu lija mpaka mabasi anaima, ogulitsa tomato anaimirira. Ndiye ine, mkulu wa mpingo wovala jekete, ndinalumphira mumsewu ndikukuwa kuti, "Mwana wanga uyo! Uyo wa lipengayo ndi wanga!" Ndinatsatira bandi mpaka kutchalitchi ndikuvina ngati woledzera. ANachisale ankalulutira kumbuyo kwanga. Amayi ako anandipeza pakhomo la tchalitchi n'kundifunsa kuti, "Mapapo a pepala aja mwawamva?" Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti mantha a kholo nawonso amabanikitsa mwana. Ndiye ukapita uko, usakadzitsekere m'chipinda chifukwa cha matenda. Kwera phiri la Zomba ndi anzako, chopopera chili m'thumba. Imba pamaso pa aliyense. Vala manja aafupi. Wofunsa za mikono yako umuyankhe mutu uli m'mwamba kuti ndi chikanga, sichipatsirana, ndipo upitirize zimene umachita. Mnyamata amene adzakufune adzaone mikonoyo tsiku loyamba, osati tsiku la chinkhoswe.

Tsopano za kumene ukupitako. Ku Zomba si kuno. Kuno mdani wako wamkulu ndi fumbi ndi utsi, uko akuti mvula ndi chinyezi n'zambiri. Ukalowa m'chipinda, usanayale n'komwe, uyang'ane m'makona ndi kuseri kwa kabati. Ukaona nkhungu yakuda pakhoma kapena ukamva fungo la chinyontho, upite kwa oyang'anira hositelo ndi buku lako la kuchipatala, upemphe chipinda china. Usachite manyazi, si kudzikonda kumeneko. Matiresi uwatulutse padzuwa. Bulangete ugwiritse lako limene amayi ako achapa, osati lobwereka. Pansi uzikolopa ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa. Udzudzu uuthawe ndi neti, zofukiza zija ayi. Akamatchetcha udzu pabwalo, tseka zenera udutse njira ina.

Ndipo ichi ndikupempha ngati bambo ako: mnzako wogona naye chipinda umuuze tsiku loyamba lomwelo. Umuonetse chopopera, umuonetse pamene chimakhala, umuuze kuti akadzaona ukulephera kumaliza chiganizo, kapena wapopera koma sizikusintha, asadikire kuti kuche kapena kuti kalasi ithe, akuthamangitsire kuchipatala. Iwe uli ndi kamtima kosafuna kuvutitsa anthu, unatengera amayi ako. Pa nkhani ya mpweya vutitsa anthu. Amene angakuseke chifukwa chopopera pagulu, msiye aseke. Sindinagende nkhunda za bambo anga kuti iwe ukabanike chifukwa choopa kusekedwa.

Ndikubwerezanso, chifukwa ndine wokalamba ndipo okalamba timabwereza: udzole, upopere cha tsiku ndi tsiku, chinacho m'thumba.

Chomaliza. Ukamatsitsa katundu ukapeza chinthu chachitali chokulungidwa m'thumba la saka, chomangidwa ndi waya. Amayi ako akuganiza kuti ndi ambulera. Ndi choikapo mapepala a nyimbo. Ndinaona a Chimbalanga ali nacho, ndinachiyeza ndi chingwe iwo akuyang'ana kumbali, ndipo ndakhala ndikuchiwotcherera pang'onopang'ono nthawi ya nkhomaliro kwa milungu itatu. Chimapindika. Utoto ndinapaka sabata yatha ndipo chakhala padzuwa mpaka fungo lonse latha, ndanunkhiza ndekha. Mwendo umodzi watuluka waufupi pang'ono, uziikapo kapepala kopinda, usauze anthu kuti bambo ako ndi owotcherera. Kuseri kwake, pamene oonerera sangaone, ndalembapo dzina lako ndi moto, zilembo zokhotakhota, poti ndodo yowotcherera si cholembera. Anzako adzakhala ndi zogula m'sitolo zonyezimira. Chako n'cholemera, koma mphepo sidzachigwetsa.

Pita ukawaimbire, Ndazi. Ukaimbe mokweza.

Ndine bambo ako, amene lero akuyenda chifuwa chili patsogolo.